Musasaine pangano losatchula tsiku lotulutsira magazini yanu

Mayi ena a ku Chilenje, amene amatulutsa magazini ya alimi kanayi pachaka, andilembera kuti kampani yomwe imawasindikizira yawapatsa pangano la zaka ziwiri loti mtengo sudzasintha malinga ngati iwo sadzakasindikizitsa kwina, ndipo akufunsa ngati kuli bwino kusaina.

Mayi, funso lanu landiutsira chilonda. M'chaka cha 2021 ndinali mkonzi wa magazini ina yaing'ono ya zamaphunziro, ndipo tinali ndi pangano lolembedwa bwino ndi kampani ina yosindikiza mabuku muno mu Lusaka. M'panganomo munali mtengo, chiwerengero cha makope ndi masamba, komanso theka la ndalama lomwe tinkayenera kulipiriratu. Mwezi wa July tinapereka mafayilo, tinalipira thekalo, tinasaina kope loyeserera, kenako tinayamba kudikira. Chisankho cha pa 12 August chinali pafupi, ndipo makina onse anali kalikiliki usana ndi usiku kusindikiza mapositala a andale amene ankalipira ndalama zonse pomwepo. Ndikapita kukafunsa, mkulu wa pamakina ankandilandira mwaulemu, nkundionetsa mapuleti athu, zitsulo zopyapyala zimene amaika pamakina posindikiza masamba, ali chiimire pakhoma, nkunena kuti ndibwerenso mawa. Magazini inatuluka chisankho chitatha, pamene koleji ina imene inagula tsamba lonse lakumbuyo kuti ilengeze za kulembetsa ophunzira inali itatseka kale kalembera wake, motero inakana kulipira, ndipo sindikanaidzudzula. Loya amene tinamufunsa anawerenga panganolo nkutiuza kuti mlandu wake ndi wovuta, popeza munalibe mzere uliwonse wonena tsiku limene ntchito iyenera kutha.

Chichokereni nthawi imeneyo ndimaona kuti chimene wofalitsa magazini amagula kwenikweni kwa wosindikiza ndi malo pamakina pa tsiku lodziwika. Mtengo umabwera pambuyo. Otsatsa malonda, amene ndiwo amasunga magazini iliyonse yamoyo, amalipira chifukwa cha nthawi, ndipo inu amene mumalembera alimi mukudziwa kuti chilengezo cha mbewu ndi feteleza chikafika kwa owerenga mu January, mvula itayamba kale, chilibenso phindu.

Za mtengo wosasintha kwa zaka ziwirizo, ine sindizikhulupirira ngakhale pang'ono, ndipo ndikunena izi mosanyoza osindikiza. Mapepala onyezimira a magazini, inki ndi mapuleti zimachokera kunja, zimadzera kumadoko monga Durban ndi Dar es Salaam, ndipo zimagulidwa ndi madola. Mu 2015 dola imodzi inachoka pa makwacha asanu ndi limodzi ndi kupitirira makwacha khumi ndi awiri chaka chisanathe. Wosindikiza amene analonjeza mtengo umodzi zinthu zikafika pamenepo satseka kampani yake chifukwa cha inu. Amangochepetsa kukhuthala kwa pepala mwakachetechete, kapena amaika ntchito yanu kumapeto kwa mzere nkutsogoza makasitomala atsopano olipira mtengo watsopano, inu mutamangika kuti simungapite kwina.

Palinso nkhani ya magetsi, imene imandikwiyitsa kwambiri. Madzi a m'damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, anachepa mu 2015, mu 2019, ndiponso mu 2024, pamene madera ambiri a mumzinda muno ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi. Komabe mapangano ambiri amaikabe kuzima kwa magetsi m'gulu la ngozi zadzidzidzi zimene wosindikiza sangaimbidwe nazo mlandu, pamodzi ndi moto ndi kusefukira kwa madzi. Chinthu chimene a ZESCO, kampani ya magetsi, amachita kulengezeratu ndondomeko yake sichingakhale chadzidzidzi, choncho mzere umenewo ufafanizidwe, ndipo osindikizawo alembe poyera ngati ali ndi jenereta komanso amene adzalipire dizilo.

Zoti muchite

Musasaine panganolo momwe lililimu. Apempheni osindikizawo alembe kuti magazini idzatuluka pakatha masiku angati kuchokera pamene mwasaina kope loyeserera, ndi ndalama zimene zidzachotsedwe pa tsiku lililonse lochedwa, ndipo nanunso muvomere chilango mukachedwetsa mafayilo. Kulemera kwa pepala la mkati ndi la chikuto kulembedwe m'magalamu. Mtengo uziunikidwanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, iwo akuonetsa malisiti ogulira mapepala. Mafayilo akhale anu, ndipo akachedwetsa magazini kawiri motsatizana mukhale ndi ufulu wopita kwina popanda kulipira kanthu. Mikangano izipita kwa mkhalapakati motsatira lamulo la Arbitration Act la 2000 m'malo mothamangira kukhoti. Ndipo yambani ndi chaka chimodzi chokha, chifukwa magazini zinayi ndi zokwanira kukuonetsani ngati anthuwa amasunga tsiku.