Yankho kwa achimwene a ku Nchalo pa za nsomba ya banjo catfish

Achimwene, mwafunsa ngati nsomba mwagula ku Blantyre ija ndi banjo catfish yeniyeni kapena kamwana ka mlamba, komanso ngati ikudwala, popeza imangogona pansi tsiku lonse ndipo khungu lake layamba kusendeka.

Iyang'aneni kuchokera pamwamba. Banjo catfish ili ndi mutu waukulu wophwatalala, kenako thupi limaonda mwadzidzidzi n'kukhala mchira wautali, monga banjo ija anyamata amakonza ndi chigubu. Khungu lake ndi lokhakhala, la timatuza, pomwe mlamba ndi woterera, ndipo chipsepse cha pamsana pa mlamba chimafika pafupi ndi mchira pamene cha banjo n'chachifupi kwambiri. Kwawo ndi ku South America, m'mitsinje ya chigawo cha Amazon, ndipo mtundu womwe umagulitsidwa kawirikawiri, Bunocephalus coracoideus, supitirira masentimita 15.

Kugonako si matenda ayi. Nsombayi imayenda usiku, masana imadzikwirira mumchenga kapena kungoti zii ngati yafa, ndipo kufundula khungu nthawi ndi nthawi ndi chibadwa chake. Iikireni mchenga wosalala wotsuka bwino, osati timiyala takuthwa, pamodzi ndi masamba ouma oti izibisalamo. Muziidyetsa mutazimitsa magetsi, chakudya chomira monga nyongolotsi zoduladula, chifukwa mukamadyetsa masana nsomba zinzake zimamaliza zonse, iyo n'kumaonda mwini wake osadziwa.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi kutentha kwathu kuno kuchigwa. Nsombayi imakhala bwino m'madzi a madigiri 20 mpaka 27, koma mu Okutobala ndi Novembala ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo madzi akafunda mpweya umachepamo, makamaka pansi pomwe iyo imakhala. Thanki yanu ikhale m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi zenera komanso kutentha kwa malata. Masana chotsani chivundikiro, mulozetse fani pamwamba pa madzi, ndipo pampu ya mpweya isamapume. Magetsi akazima, muzitunga madzi a m'thankimo ndi kapu n'kumawathiramonso kuchokera m'mwamba, kenako muyandamitsemo botolo lotseka la madzi ozizira kuti kutentha kutsike pang'onopang'ono. Musathiremo madzi oundana mwachindunji.

Samalaninso ndi madzi a pamjigo, pakuti mijigo yambiri kuno imatulutsa madzi amchere, pamene nsombayi ndi ya madzi opanda mchere. A pampopi ndi abwino mukawachotsa klorini, ndipo sabata iliyonse muzisintha gawo limodzi mwa magawo anayi.

Poigwira gwiritsani ntchito kapu, chifukwa minga ya zipsepse zake zam'mbali imakola mu ukonde. Musaiphatikize ndi mlamba, womwe ukakula udzaimeza, ndipo ikadzakutopetsani mudzapatse woweta mnzanu, osati kukaitaya mu Shire.