Yankho kwa amayi amene afunsa za makompyuta okana Windows 11

Amayi, funso lanu ndaliwerenga pamodzi ndi ndemanga zonse zimene zabwera pansi pake. Mwanena kuti muli ndi shopu yotaipa ndi kusindikiza mapepala kufupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, kuti makompyuta anu anayi munawagula atagwirapo kale ntchito kwina, ndiponso kuti onse akukana Windows 11 pamene Windows 10 yasiya kusamalidwa. Mukufuna kudziwa ngati mugule atsopano, musamukire ku Linux (pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows) monga akukuuzirani achinyamata ena muno, kapena mungopitiriza ngati palibe chachitika. Maganizo anga ndi akuti makompyuta anayiwo musawagamulire mlandu umodzi, chifukwa sagwira ntchito yofanana, ndipo chochita ndi kompyuta iliyonse chichokere pa ntchito imene imagwira tsiku ndi tsiku.

Choyamba tiyeni timvetsetse chimene chinachitika, popeza ena akuopseza anthu kuti makompyuta azima. Kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zokonza chitetezo cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, patatha zaka 10 chiitulutsire mu 2015, ndipo tsiku lomwelo inasiyanso kusamalira Office 2016 ndi Office 2019. Kompyuta yanu iziyaka ndi kusindikiza monga kale. Chasintha n'chakuti bowo lililonse limene akuba a pa intaneti angapeze kuyambira tsikulo silitsekedwanso. Zili ngati nkhokwe imene mwini wake wasiya kuimata: chimanga chilimo ndithu, koma pamene makoswe aboola pamakhala potseguka mpaka kalekale. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a mayiko ambiri, mpaka zipatala za boma ku Britain zinabweza odwala, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera bowolo mu Marichi chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi amene makompyuta awo sanalandire chokonzacho.

Pali ndondomeko yotchedwa ESU imene imatalikitsa chitetezo cha Windows 10 mpaka 13 Okutobala 2026, ndipo munthu wamba amalowamo polipira madola 30 kapena polumikiza kompyuta ku akaunti ya Microsoft. Imeneyi ndi njira yopezera nthawi yokonzekera basi, ndipo imafuna Windows yokhala ndi laisensi yeniyeni.

Chimene makompyuta anu akukanira Windows 11 si kufooka ayi. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, imene inayamba kutuluka mu 2017, pamene makompyuta ambiri a Dell ndi HP amene amafika kuno atachotsedwa m'maofesi akunja ndi a mibadwo ya m'mbuyo. Bambo wina wanena kuti pulogalamu ya Rufus imatha kulumpha malamulo amenewa, ndipo akunena zoona. Komabe Microsoft inachenjeza kuti kompyuta yoikidwa Windows 11 mwa njira imeneyo ilibe chitsimikizo cholandira zokonza, choncho ine sindingaike ntchito yodyetsa banja pa chinthu chimene chingaleke mwezi uliwonse.

Palinso nkhani imene ambiri sitikonda kuitchula poyera, yakuti Windows ndi Office zambiri m'tauni muno n'zothyoledwa. Kuti pulogalamu yothyolera ilowe, amene akuikayo amayamba wazimitsa chotetezera mavairasi, ndiye kuti mwatsegulira khomo chinthu chimene simukudziwa amene anachilemba. M'makompyuta anu mumadutsa ma NRC a anthu, ma CV, zotsatira za mayeso ndi makalata a kubanki, ndipo dziko lathu la Zambia lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021. Kasitomala amene wakupatsani chitupa chake kuti muchisikane amakhala atakukhulupirirani pa zambiri kuposa ndalama yochepa imene walipira.

Tsopano za Linux. Amene akuitama sakunama, koma akukuuzani theka lokha. Linux inayambidwa ndi Linus Torvalds ku Finland mu 1991, ndipo malamulo ake amalola aliyense kuiona mkati, kuisintha, kuikopera ndi kuigawa popanda kulipira laisensi. Si chinthu chachilendo monga chimamvekera, pakuti mafoni a Android amene tili nawo m'matumba amayendera pa maziko ake. Mtundu wodziwika kwambiri pa makompyuta a pa desiki ndi Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anauyambitsa mu 2004, koma kwa munthu wozolowera Windows ine ndimasankha Linux Mint, yomangidwa pa Ubuntu yemweyo, chifukwa batani la mapulogalamu lili pansi kumanzere pamene dzanja linazolowera kupita. Mint 22 idzalandira zokonza chitetezo mpaka 2029, ndipo mtundu wake wopepuka wotchedwa Xfce umayenda bwino ngakhale pa kompyuta ya RAM ya 4 GB. Theka limene sakukuuzani n'lakuti ulere wake ndi wa laisensi yokha. Mudzalipira ndi nthawi yophunzitsa antchito anu, ndipo tsiku limene chinachake chidzavute mudzapeza kuti okonza makompyuta ambiri kuno ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke anazolowera Windows, moti ena yankho lawo lidzakhala kufufuta zonse n'kubwezeretsa zimene akudziwa.

Pamene Linux ingakuthandizeni kwambiri ndi pa kompyuta yolandirira mafulashi. Mukuidziwa vairasi ija imene imasandutsa mafoda onse kukhala tizizindikiro tokhala ndi kamuvi pakona, mwana wa sukulu n'kuyamba kulira poganiza kuti ntchito yake yonse yapita. Vairasi imeneyo inalembedwera Windows, ndipo pa Linux siitha kudzuka. Mukalowetsa fulashiyo mumaona mafayilo onse amene inabisa, nthawi zambiri ali mu foda yopanda dzina, ndipo pambali pake pamaoneka tizizindikiro tabodzato ndi kafayilo ka vairasi kamene mungathe kungofufuta. Kompyuta yomweyo ingagwirenso ntchito zonse zochitikira pa intaneti, monga kulowa pa TaxOnline ya ZRA, pa PACRA, pa NAPSA kapena kutsegula maimelo a makasitomala, chifukwa Firefox ndi Chrome zilipo pa Linux monga zilili pa Windows.

Pa kutaipa, m'malo mwa Word, Excel ndi PowerPoint mudzapeza LibreOffice, imene inayamba mu 2010 itapatuka ku OpenOffice ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la The Document Foundation ku Germany. Imatsegula ndi kusunga mafayilo a docx ndi xlsx, koma apa m'pamene shopu ngati yanu iyenera kusamala. Kasitomala akabwera ndi CV ya masamba awiri yolembedwa m'zilembo za Calibri, kompyuta yopanda zilembozo imaikapo zina zotakata mosiyana, mizere imasuntha, ndipo mumangoona tsamba lachitatu latuluka lili ndi mzere umodzi wokha wa siginecha. Mankhwala ake ndi kuika zilembo za Carlito ndi Caladea, zimene zinapangidwa kuti zifanane muyeso ndi Calibri ndi Cambria, ndiponso kuuza LibreOffice kuti izisunga mu docx nthawi zonse. Makalata wamba, ma CV ndi malipoti a kusukulu amatuluka bwino. Mafomu okhala ndi matebulo olowana, ndiponso mafayilo a Excel okhala ndi ma macro (timapulogalamu togwira ntchito tokha m'fayilo), ndi amene amasokonekera, choncho zolowetsani makasitomala kubweretsa PDF akafuna kungosindikiza. Chosangalatsa n'chakuti LibreOffice imagwiranso pa Windows, kotero mungaiike lero pa makompyuta onse anayi osachotsa kalikonse, antchito anu n'kuyamba kuizolowera asanaone n'komwe Linux.

Pamene sindingakulangizeni kusamuka ndi pa kompyuta yojambulira makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, ziphaso ndi mapositala a mipingo. Ngati mumagwiritsa ntchito CorelDRAW kapena Photoshop, dziwani kuti zonsezi zilibe mtundu wa Linux. Inkscape, GIMP ndi Scribus ndi mapulogalamu abwino aulere, koma mafayilo anu akale a CorelDRAW sadzatseguka onse mmene munawasiyira, ndipo munthu amene wabwera m'mawa kufuna pulogalamu ya maliro a masana sangadikire kuti wojambula wanu aphunzire kaye. Kompyuta imeneyo isiyeni pa Windows 10, koma muichotse pa intaneti ndipo musalole fulashi ya kasitomala kulowamo isanadutse pa ya Linux ija. Ndalama ikapezeka, imeneyi ndiyo yoyamba kulowedwa m'malo ndi yokhoza Windows 11.

Printa nayo ingathe kugamula nkhani yonse. Za HP zambiri zimagwira msanga kudzera mu HPLIP, pulogalamu ya HP yoyendetsa maprinta pa Linux, ndipo za Epson zothira inki m'matanki zili ndi madalaivala a Linux. Koma Canon LBP2900, imene ili m'mashopu ambiri, imafuna dalaivala yapadera yotchedwa CAPT imene imatopetsa ngakhale odziwa. Ngati ndi imene muli nayo, ikhale yolumikizidwa ku kompyuta ya Windows.

Wina waika nkhani yakuti boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany likusamutsa makompyuta pafupifupi 30,000 kupita ku mapulogalamu otseguka, ndipo n'zoona, zinalengezedwa mu 2024. Ndingowonjezera kuti mzinda wa Munich m'dziko lomwelo unayenda ndi Linux zaka zoposa khumi, kenako mu 2017 khonsolo yake inavota kubwerera ku Windows. A ku Schleswig-Holstein anayamba ndi LibreOffice, Linux n'kuiika pambuyo, ndipo ndi dongosolo lomwelo limene ndikukupemphani kutsatira.

Kuyesa sikufuna kufufuta chilichonse. Fayilo ya Mint ndi ya pafupifupi 3 GB, choncho ikopereni kamodzi kokha ndi bandulo ya usiku, muilembe pa fulashi ya 8 GB, ndipo muyatse kompyuta kuchokera pa fulashipo. Linux idzatseguka osakhudza Windows yanu, inu n'kuyesa printa, sikana, Wi-Fi ndi mafayilo enieni a makasitomala. Mukakhutira n'kufuna kuiika, yambani mwakopera mafayilo onse pa hadi disiki yapadera, ndipo musaike popanda UPS kapena invata, chifukwa magetsi akathima ntchitoyo ili pakati kompyuta imatsala yopanda Windows ndi Linux yomwe. Tonse tikukumbukira mmene magetsi anavutira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Ngati pali kandalama kochepa, kagwiritseni ntchito pogula SSD, chosungira mafayilo chachangu, m'malo mwa hadi disiki yozungulira ija ndi kukweza RAM kufika 8 GB, pakuti zimenezi n'zimene zimachititsa kompyuta yakale kuyaka msanga, kaya ili pa Windows kaya pa Linux.

Musanachite zonsezi, tsegulani Settings, kenako System, kenako About pa kompyuta iliyonse, ndipo muone nambala yotsatira mawu akuti Core i3 kapena Core i5. Ikakhala ngati 4590 kapena 6500, ndiye kuti ndi ya m'badwo wachinayi kapena wachisanu ndi chimodzi ndipo Windows 11 siiloledwa. Ikayamba ndi 8 kapena 9, monga 8500, n'kutheka kuti TPM ilimo koma inangozimitsidwa mu BIOS (tsamba la makonzedwe limene mumalowa kompyuta ikangoyamba kuyaka, Windows isanatseguke), kumene pa makompyuta a Intel imalembedwa kuti PTT, ndipo kuiyatsa kokha kungathetse vuto la kompyuta imeneyo. Mutilembere muno manambala anayiwo pamodzi ndi mtundu wa printa ndi sikana yanu, kuti tikuuzeni kompyuta yoyenera kuyambira.