Mwana waluso pa tenisi m'dziko laling'ono: bungwe la dziko lingamuthandize chiyani?

Mayi wina watifunsa kuti: "Mwana wanga wamkazi wa zaka 13 amagonjetsa anzake onse pa tenisi kusukulu. Dziko lathu ndi laling'ono ndipo bungwe loyendetsa tenisi lilibe ndalama. Kodi kumulembetsa kumeneko n'kothandiza?"

Mayi, mulembetseni chaka chino. Ndalama za ulendo mwina bungwelo silingakupatseni, koma ndi lokhalo limene International Tennis Federation, ITF, ya ku London, yoyendetsa tenisi pa dziko lonse, imalizindikira m'dzikomo. Ndilo limasankha ana opita ku mipikisano ya m'chigawo, ndilo limatchula mayina a oyenera thandizo la Grand Slam Player Development Programme (thumba la ndalama lothandiza osewera aluso ochokera m'mayiko osauka), ndipo mpikisano wa ITF ukachitikira kwanu, limakhala ndi malo angapo olowetsa ana ake opanda mapointi, otchedwa wild card. Mwana amene sali m'kaundula wake sangaganiziridwe pa zonsezi.

Mukalipira umembala, ayambe kusewera mipikisano ya msinkhu wake kuti akhale pa mndandanda wa dziko. Popeza wakwana zaka 13, angathenso kutenga nambala ya IPIN pa intaneti, imene osewera amalembetsera mipikisano ya achinyamata ya ITF. Mipikisanoyi imayambira pa gawo lotsika la J30 mpaka lapamwamba la J500. Iye ayambire pa J30. Apa ndi pamene mabanja ambiri amataya ndalama. Kulembetsa kumatsekedwa kutatsala pafupifupi masabata 3, ndipo kulembetsa si kulandiridwa: opanda mapointi amakhala pansi pa mndandanda. Musagule tikiti ya ndege musanaone dzina lake pa mndandanda wa olandiridwa. Kudzichotsa mochedwa kapena kusafika kumabweretsa chilango. Pasipoti ikhale yokonzeka, ndipo tsiku lobadwa lifanane pa zikalata zonse.

Tinene mosabisa: ochepa kwambiri amadya za tenisi posewera pokha. Njira yodalirika ndi maphunziro a ku yunivesite, makamaka ku United States, kumene makochi amayang'ana UTR kapena World Tennis Number ya wosewera (manambala oyeza luso lake), kanema wa masewero athunthu, ndi magiredi a kusekondale. Magirediwo amaunikidwa ndi NCAA Eligibility Center, ofesi ya bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite a kumeneko, choncho kusiyitsa mwana sukulu kuti azingosewera kumamutsekera mwayi umenewu. Kukhalitsa atamaliza sekondale uku akupitiriza mipikisano kungamudulirenso zaka zosewerera yunivesite.

Pali ntchito zina zimene makolo saziganizira, ndipo zonse zimadzera ku bungwe lomweli. Maphunziro a ukochi amayamba ndi kosi ya Play Tennis, yophunzitsa ana ndi mipira yofewa yofiira, ya olenji ndi yobiriwira, kenako makosi apamwamba. Woyimbira masewero amayamba ndi satifiketi ya dziko, kenako masatifiketi a ITF: White Badge, Bronze, Silver mpaka Gold. M'dziko laling'ono anthu a mapepala amenewa amasowa, ndiye wachinyamata wakhama amapeza malo msanga.

Lemberani kalata mlembi wamkulu wa bungwelo yopempha kalendala ya chaka, malamulo osankhira timu ya dziko, ndi masiku a makosi. Malamulo osankhirawo muwalandire olembedwa.