Mwana wanga akufuna za mafilimu, akuti Audrey Hepburn anatchuka chaka chimodzi

Funso: Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 koma maganizo onse ali pa zisudzo. Ndikamuuza za mayeso amandiyankha kuti Audrey Hepburn wa ku Hollywood anatchuka m'chaka chimodzi chokha, popanda digiri. Nditani?

Yankho: Mayi, mwanayo sakunama, koma nkhaniyi waiyambira pakati. Filimu yake ya Roman Holiday inatuluka mu Ogasiti 1953, Audrey ali ndi zaka 24, ndipo pofika Seputembala nkhope yake inali pachikuto cha magazini ya Time. Sanapume. Miyezi yomweyo anali kujambula filimu ina, Sabrina, pamodzi ndi Humphrey Bogart ndi William Holden, ndipo malipiro ake anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a amuna awiriwo. Mu Febuluwale 1954 anayamba sewero la Ondine ku Broadway, dera la nyumba za zisudzo mumzinda wa New York, kuonekera pamaso pa anthu pafupifupi usiku uliwonse. Pa 25 Malichi, tsiku lolandira Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu, anayamba wasewera kaye, n'kuthamangira ku mwambowo zodzola za pasiteji zikadali kumaso. Patangopita masiku atatu analandiranso Tony, mphoto ya zisudzo za pasiteji. Kenako thupi linakana, mpaka anapita ku Switzerland kukapumula, komwe anakwatiwa ndi wosewera mnzake Mel Ferrer mu Seputembala.

Chimene mwana wanu sakuchitchula ndi zaka za m'mbuyo. Audrey anaphunzira kuvina ballet, gule wa pasiteji wa ku Ulaya, ali mwana ku Netherlands, m'nthawi ya nkhondo ndi njala. Mu 1948 anapita ku London kukaphunzira kwa Marie Rambert, mphunzitsi wa ballet, amene anamuuza mosapsatira kuti ndi wamtali kwambiri komanso nkhondo inamufooketsa, choncho sadzafika pamwamba m'kavinidweko. Anavina m'magulu a kumbuyo, nasewera timbali ting'onoting'ono m'mafilimu, mpaka wolemba mabuku Colette atamuona ku Monte Carlo mu 1951 n'kumusankha kuti akasewere m'sewero la pasiteji la Gigi. Digiri analibedi, koma kunena kuti sanaphunzire ndi bodza lamkunkhuniza. Ankalankhulanso zinenero zingapo.

Ine sindikuona chifukwa chomuletsera. Mwana woletsedwa amakachitabe mobisa, ndipo kumeneko ndiye amakumana ndi anthu olonjeza mbali mufilimu posinthana ndi zina. Mugwirizane naye kuti MSCE ayimalize bwino, makamaka Chingelezi ndi Chichewa, chifukwa wosewera amadya ndi pakamwa. Alowe gulu la zisudzo la pasukulu, ndipo inu mupite mukamuonere nokha ngati lusolo lilipodi. Ku University of Malawi, ku Zomba, kuli maphunziro a zisudzo, koma polowera pake ndi mapointi omwewo amene akuwanyozawo. Wina akabwera ndi pepala loti asayine, muliwerenge inu poyamba, muone malipiro, nthawi ya mgwirizano ndi komwe zithunzi zake zikagwiritsidwe ntchito.