Loya wakuda woyamba ku America: chiphaso anachipeza, nanga makasitomala?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mnyamata wina amene akuphunzira zamalamulo ku Zomba. Funso lake linali lotere: "Kwathu kuno timadziwa kuti Orton Chirwa ndiye anatsegula njira ya uloya kwa anthu akuda mu 1958. Nanga ku America, munthu wakuda woyamba kukhala loya komanso woweruza milandu anali ndani? Anzanga akuti ndi Thurgood Marshall. Ndipo woyambayo atalowa, kodi ena onse anangotsatira?"

Achimwene, anzanuwo aphonya ndi zaka pafupifupi 90. Marshall anayamba uloya mu 1933, ndipo chimene anali woyamba nacho ndi mpando wa m'khoti lalikulu la dziko lonse, mu 1967. Dzina limene mukufuna ndi Macon Bolling Allen, chaka ndi 1844. Ngati ndi funso la mayeso, lembani zimenezo. Koma funso lanu lachiwiri lija ndi limene landikhazika pansi, ndipo kuti ndiliyankhe ndikutengerani ku chigawo chimodzi chokha, cha Massachusetts, kumene kuli mzinda wa Boston. Ku America chigawo chilichonse chimapereka chokha chiphaso cha uloya ndipo chili ndi makhoti akeake, choncho nkhani ya "woyamba" imafunika kuisimba chigawo ndi chigawo.

Allen anabadwira ku Indiana mu 1816, osati monga kapolo. Masiku amenewo maloya ambiri sankadzera ku yunivesite. Munthu ankakhala kalaliki mu ofesi ya loya wamkulu, n'kumakopera makalata ndi kuwerenga mabuku a bwana wakeyo, mpaka bwanayo adzamuperekeze kukhoti n'kumuikira umboni kuti wapsa. Mukuona pamene panali msampha? Popanda mzungu wokutsegulira ofesi yake, ulendo unkathera pakhomo. Allen anamulandira ndi Samuel Fessenden, loya wodana ndi ukapolo wa ku Portland m'chigawo cha Maine. Fessenden atakamupereka kukhoti, khotilo linakana ponena kuti munthu wakuda si nzika. Allen anapempha kuti amuyese mayeso, anakhoza, ndipo pa 3 July 1844 analandira chiphaso.

Tsono chiphaso si ndiwo. Ku Maine anthu akuda anali ochepa kwambiri, ndipo azungu sankafuna kupereka milandu yawo kwa iye. Anasamukira ku Boston, kumene anayenera kuyesedwanso, n'kuvomerezedwa mu May 1845. Zimasimbidwa kuti popita kukayesedwa ku Worcester anayenda wapansi chifukwa analibe yokwerera. Mtundawo ndi ngati kuchoka ku Blantyre kufika kwanu ku Zomba. Mu 1847 anakhala woweruza timilandu ting'onoting'ono m'dera la Middlesex, udindo umene iwo amati justice of the peace. Ndi mpando wotsika, wa milandu ya ngongole zazing'ono ndi mikangano ya anthu oyandikana nyumba, koma ndiwo umachititsa ambiri kumutcha munthu wakuda woyamba kukhala ndi udindo woweruza m'dzikolo, ngakhale Wentworth Cheswell wa ku New Hampshire anali atakhalapo kale paudindo womwewo mu 1805. Ngakhale zinali choncho, Boston sanamudyetse bwino. Nkhondo yapachiweniweni itatha anapita ku Charleston, South Carolina, n'kutsegula ofesi limodzi ndi maloya anzake akuda William Whipper ndi Robert Brown Elliott. Kumeneko ndiko anadzakhala jaji mu 1873. Anamwalirira ku Washington mu 1894.

Ineyo mtima wanga uli pa wachiwiri, Robert Morris, ndipo mundilole ndichedwepo.

Morris anabadwira ku Salem mu 1823. Ali mnyamata ankaperekera zakudya patebulo m'nyumba za azungu. Loya wina wa ku Boston, Ellis Gray Loring, anamutenga kukamugwirira ntchito za pakhomo, kenako anaona kuti mwanayu dzanja lake ndi labwino polemba ndipo mutu ukugwira, n'kumusandutsa kalaliki. Njira yake ndi yomwe ija ya Allen: mzungu mmodzi wamtima wina kutsegula chitseko. Morris anakhala loya mu 1847, ndipo chaka chomwecho anaimira munthu wakuda amene sanalipidwe ndalama za ntchito imene anagwira. Mlanduwo unaweruzidwa ndi gulu la anthu wamba lija amati jury, onse azungu, ndipo Morris anapambana.

Kenako panabwera mlandu wa kamtsikana ka zaka 5, Sarah Roberts. Bambo ake, Benjamin Roberts, anali osindikiza mabuku ndi manyuzipepala. Mzinda wa Boston unali ndi sukulu yapadera ya ana akuda, Abiel Smith School, ndipo kuti Sarah akafike kumeneko ankadutsa sukulu 5 za ana a azungu. Bambo ake anayesa kumulembetsa pafupi, anamubweza. Anasumira mzindawo, loya wawo n'kukhala Morris, mnyamata wa zaka za m'ma 20 amene chiphaso chake chinali chisanaume n'komwe inki. Nkhani itafika kukhoti lalikulu la chigawocho, Supreme Judicial Court, mu December 1849, Morris anaima limodzi ndi Charles Sumner, loya wachizungu amene pambuyo pake anadzakhala seneta wotchuka. Mfundo yawo inali yakuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, ndipo kupatula ana chifukwa cha khungu kumawadinda chizindikiro choti ndi otsika.

Anagonja. Mu 1850 mkulu wa majaji, Lemuel Shaw, anagamula kuti komiti ya sukulu ili ndi mphamvu zogawa ana mmene ikuonera, n'kuwonjezera kuti tsankho silinapangidwe ndi lamulo ndipo mwina lamulo silingalithetse. Inu ophunzira malamulo mudziwa kuopsa kwa chigamulo cholembedwa bwino koma cholakwika: chimakhala ndi moyo wautali. Mu 1896 khoti lalikulu la America, pamlandu wa Plessy v. Ferguson, linatchula chigamulo cha Shaw chomwechi povomereza kuti akuda ndi azungu azipatulidwa. Zinatenga mpaka 1954, pamlandu wa Brown v. Board of Education umene Marshall wa anzanu uja anatsogolera, kuti mfundo ya Morris ndi Sumner ipambane m'khoti. Koma ku Massachusetts komweko makolo akuda sanadikire majaji. Ananyanyala sukulu ija, anasonkhanitsa masiginecha, ndipo mu 1855 nyumba ya malamulo ya chigawocho inaletsa kupatula ana m'sukulu za boma. Lamulo limene Shaw ankalikayikira lija linagwira ntchito patangotha zaka 5.

Chimene chimandichititsa kumuvulira chipewa Morris chinachitika mu 1851. Chaka chapitacho dziko linali litakhazikitsa lamulo lokakamiza zigawo zopanda ukapolo kubweza akapolo othawa. Pa 15 February apolisi a boma anagwira Shadrach Minkins, amene anathawa ku Virginia ndipo ankagwira ntchito yoperekera zakudya pamalo ena omwera khofi mu Boston. Morris anali mmodzi mwa maloya amene anathamangira kukhoti kukamuimira. Tsiku lomwelo gulu la amuna akuda linakankha chitseko cha khoti, n'kumutulutsa Minkins, ndipo mapeto ake anakafika ku Montreal, Canada. Boma linakwiya, Morris n'kumangidwa pomuganizira kuti anathandiza nawo. Taganizirani: loya wakuda, m'dziko limene maloya akuda ungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi, waima m'kabokosi ka woimbidwa mlandu, ndipo akapezeka wolakwa ndiye kuti ndende ndi kutha kwa ntchito. Mu November 1851 jury inamupeza wosalakwa.

Nanga ankadya chiyani? Apa pali chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Makasitomala ake ambiri anali anthu ochokera ku Ireland, amphawi amene anadzaza Boston pothawa njala kwawo, amene azungu anzawo a mumzindawo ankawanyoza. Mpaka anthu anamutcha "loya wa Aairishi". Iyenso anadzalowa Chikatolika. Allen anasowa makasitomala n'kuchoka, Morris anawapeza pakati pa anthu ena onyozeka n'kukhazikika mpaka imfa yake mu 1882. Kwa ine kusiyana kwa awiriwa kwagona pamenepo, osati pa nzeru.

John Rock ndimudutsa mwachangu ngakhale sayenera kutero. Anali mphunzitsi, dokotala wa mano, dokotala wa matenda ena, kenako loya wa ku Massachusetts mu 1861. Pa 1 February 1865, Sumner yemwe uja anamupereka kukhoti lalikulu la America ndipo anavomerezedwa kuimira milandu kumeneko, munthu wakuda woyamba. Khoti lomwelo zaka 8 m'mbuyomo, pamlandu wa Dred Scott, linali litanena kuti munthu wakuda sangakhale nzika. Rock anali wodwaladwala, anamwalira mu 1866 asanaimirepo mlandu ngakhale umodzi m'khotilo.

Tibwere ku ujaji weniweni, chifukwa pamenepa ndi pamene funso lanu lachiwiri likuyankhidwa bwino. Ku Massachusetts majaji savoteredwa. Bwanamkubwa wa chigawo amatchula dzina, ndipo kabungwe ka alangizi ake, Governor's Council, kamavomereza kapena kukana. Mayeso a uloya munthu ungawalimbane wekha usiku ndi nyali. Ujaji umafuna kuti wandale akuone kuti uli ndi phindu kwa iye.

George Lewis Ruffin anabadwira ku Richmond, Virginia, mu 1834, kwa makolo omwe sanali akapolo. Banjalo linasamukira ku Boston mu 1853 chifukwa ku Virginia kuphunzitsa munthu wakuda kuwerenga unali mlandu. Ruffin anali wometa anthu tsitsi, n'kumawerenga mabuku a malamulo makasitomala akatha. Mu 1869 anakhala munthu wakuda woyamba kumaliza maphunziro a zamalamulo ku Harvard. Analowa m'nyumba ya malamulo ya chigawo, kenako m'khonsolo ya mzinda. Mu 1883 bwanamkubwa Benjamin Butler, amene ankafuna mavoti a anthu akuda, anayamba watchula loya wina wakuda, Edwin Garrison Walker, kuti akhale jaji wa khoti la ku Charlestown, dera la mu Boston. Kabungwe kaja, kodzaza ndi a chipani cha Republican, kanamukana, popeza Walker anali atasemphana ndi chipanicho. Butler anabweretsa dzina la Ruffin, wa Republican wokhulupirika, ndipo linadutsa. Onse awiri anali akuda, onse awiri anali maloya odziwa ntchito. Chinawasiyanitsa ndi khadi la chipani, nkhani imene sindikufunika kukufotokozerani inu. Ruffin anakhala pampandowo zaka 3 zokha, anamwalira mu 1886. Mkazi wake, Josephine St. Pierre Ruffin, anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake ndipo anatchuka payekha pomenyera ufulu wa amayi akuda.

Ndiye kodi ena anangotsatira? Ayi ndithu. Ruffin atamwalira panadutsa zaka zoposa 50 mipando ya majaji a chigawocho ili ya azungu okhaokha. Si kuti maloya akuda anatha. William H. Lewis, wa ku Harvard nayenso, anafika pokhala wothandizira loya wamkulu wa boma la America mu 1911. Koma bungwe la maloya a dziko lonse, American Bar Association, litazindikira kuti lamulandira iye ndi anzake awiri osadziwa kuti ndi akuda, linafuna kuwachotsa, ndipo mu 1912 linalamula kuti ofuna kulowa azinena mtundu wawo. Tsankho limenelo linakhalapo mpaka 1943.

Edward Gourdin ndiye amandimvetsa chisoni ndi kundiseketsa nthawi imodzi. Mu 1921 ali ku Harvard anaswa rekodi ya dziko lonse pa mpikisano wolumpha mtunda, mamita 7.69, ndipo mu 1924 anatenga mendulo ya siliva pa masewera a Olympics ku Paris. Munthu wodziwika chotero, digiri ya zamalamulo ya Harvard ili m'manja, anasowa ofesi ya maloya yomulemba ntchito mpaka anakagwira ya ukalaliki ku positi ofesi. Zaka 80 chilandirireni Allen chiphaso chake, vuto linali lomwe lija. Gourdin anadzakhala jaji wa khoti la ku Roxbury, mu Boston momwemo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1958, chaka chomwe chija cha Orton Chirwa, anakhala wakuda woyamba pa Superior Court, khoti lozenga milandu ikuluikulu m'chigawocho. Zinthu zinayamba kuyendako: Edward Brooke anasankhidwa ndi mavoti kukhala loya wamkulu wa boma la Massachusetts mu 1962, asanapite ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dziko lonse.

Koma khoti la pamwamba lija, limene linabweza Sarah Roberts, linachedwa kuposa onse. Linakhazikitsidwa mu 1692, ndipo jaji wakuda woyamba, Roderick Ireland wa ku Springfield, analowamo mu 1997 atasankhidwa ndi bwanamkubwa William Weld. Werengani nokha, achimwene: zaka 305 chikhazikitsidwire khotilo, zaka 150 chikhalireni Morris loya. Mu 2010 bwanamkubwa Deval Patrick, nayenso wakuda woyamba paudindo wake m'chigawocho, anamukweza Ireland kukhala mkulu wa majaji, mpando umene ankakhalapo Lemuel Shaw. Anapuma mu 2014, ndipo mu 2020 mpandowo unapita kwa Kimberly Budd, mayi wakuda woyamba kuukhala.

Mukadzapeza mwayi wofika ku Boston, khotilo lili m'nyumba yotchedwa John Adams Courthouse. Mukatuluka n'kukwera kaphiri ka Beacon Hill, musanathe mphindi 15 mufika pa Joy Street, pamene nyumba ya njerwa ya Abiel Smith School idakalipo. Pano ndi malo osungirako mbiri ya anthu akuda, ndipo amalola alendo kulowa.