Za agogo osuta mpaka zaka 90 aja

Achimwene, mwafunsa kuti madokotala amadziwa bwanji kuti fodya amayambitsa khansa, pomwe agogo anu anasuta chingambwe mpaka zaka 90 ali gwa. Za agogowo sindikutsutsa. Kungoti nkhani yotere siweruzidwa ndi munthu mmodzi, imafuna anthu ambirimbiri ndi kuwawerenga bwino.

Mu 1950, ofufuza awiri a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anatulutsa zomwe anapeza atafunsa odwala m'zipatala za ku London. Anali ndi amuna 649 odwala khansa ya m'mapapo, ndi ena 649 amisinkhu yofanana omwe anagonekedwa ndi matenda ena. Mwa a khansa aja, osasuta anali awiri okha, pomwe gulu linalo anali 27. Doll poyamba ankakayikira phula la m'misewu ndi utsi wa magalimoto, ndipo mwiniwakeyo ankasuta. Ataona manambalawo, fodya anamusiya.

Anthu anatsutsabe, ati wodwala akamafunsidwa zakale amakumbukira mokokomeza. Apa anali ndi mfundo ndithu. Ndiye mu 1951 awiriwa analembera madokotala a ku Britain, ndipo pafupifupi 40,000 anayankha za kasutidwe kawo asanadwale. Kenako kunali kudikira, kulemba aliyense womwalira ndi chomwe chamupha. Madokotala aamuna mwa iwo anatsatiridwa zaka 50. Wosuta ndudu zambiri chiopsezo chinkakwera, wosiya chinkatsika, ndipo wosiya msanga chinkatsika kwambiri. Kwa ine umboni wamphamvu ndi umenewu, chifukwa mwangozi zinthu sizingayende mwandondomeko chonchi. Osuta moyo wonse ankafa msanga ndi zaka pafupifupi 10, ndipo theka la iwo linaphedwa ndi fodyayo. Agogo anu anali m'theka linalo.

Chimene chimazunguza mutu ofufuza ndi zinthu zoyendera limodzi. Okonda mowa ambiri amasutanso, ndiye akadwala tiloze chala chiti? Amawagawa m'magulu: osuta akumwa ayerekezedwe ndi osuta osamwa, amsinkhu umodzi okhaokha.

Kwathu kuno vutoli lili pa khansa ya kummero, yomwe Malawi ali m'gulu la mayiko amene yachuluka kwambiri. Zomwe zikuganiziridwa kuti zimaiyambitsa ndi kachasu, fodya, utsi wa nkhuni m'khitchini, ngakhale tiyi womwa akadali wotentha kwambiri. Koma pamudzi munthu mmodzi amakumana ndi zitatu mwa izi tsiku limodzi, choncho pamafunika odwala mazanamazana ndi anzawo osadwala kuti chilichonse chioneke pachokha.