Funsani Akatswiri: Tafufuta mizere, koma disiki idakali yodzadza

FUNSO: Akonzi, database yathu ya PostgreSQL yatsala pang'ono kudzadza disiki. Tafufuta mizere yakale yambirimbiri, koma malo sanabwerere ngakhale pang'ono. Kodi tingadziwe bwanji chimene chikudya malo?

YANKHO: Musafufutenso kanthu musanayeze. Yambani ndi database yonse: SELECT pg_size_pretty(pg_database_size('dzina_lake')); Nambala yotulukayo muifananitse ndi zimene df -h (lamulo loonetsa malo amene agwiritsidwa ntchito pa disiki) ikuonetsa pa Linux. Zikasiyana kwambiri, ndiye kuti chodya malo chili kunja kwa database imeneyi.

Kenako yezani tebulo lililonse palokha. Apa ndi pamene ambiri amasochera, chifukwa pg_relation_size imangoyeza thunthu la tebulo basi. Yoyenera kugwiritsa ntchito ndi pg_total_relation_size, imene imaphatikiza ma index (mindandanda yothandiza kupeza mizere mwachangu) komanso TOAST, malo apadera kumene PostgreSQL imasunga zolemba zazitali mzere ukapitirira pafupifupi 2 kB. Si zachilendo kupeza kuti ma index akula kuposa tebulo lenilenilo. Mu pg_stat_user_indexes, index imene idx_scan yake (nambala yoonetsa kuti yagwiritsidwa ntchito kangati) yakhala pa 0 kwa miyezi ikungodya malo pachabe, pokhapokha ngati ndi yoletsa kuti zinthu zisalembedwe kawiri.

Tsono nkhani yanu yeniyeni. DELETE sachotsa mzere m'failo. Amangouika chizindikiro chakuti wafa. UPDATE nayenso amalemba mzere watsopano n'kusiya wakale uli pomwepo. Tebulo limasungidwa m'masamba a 8 kB, ndipo VACUUM, ntchito yochotsa mizere yakufa, ikadutsa imayeretsa masambawo kuti mizere yatsopano ilowemo, koma failo silichepa. Disiki imabwezeredwa masamba okhawo amene ali kumapeto kwa failo ndipo atsala opanda kanthu.

Onani n_dead_tup (chiwerengero cha mizere yakufa) ndi last_autovacuum mu pg_stat_user_tables. Ngati simunasinthe kalikonse, autovacuum, VACUUM yoyamba yokha, imadikira kuti mizere yakufa ipose 20 peresenti ya tebulo kuphatikizapo 50. Pa tebulo la mizere 10 miliyoni, ndiye kuti 2 miliyoni iyambe yafa. Kumeneko n'kuchedwa kwambiri; pa matebulo aakulu tsitsani autovacuum_vacuum_scale_factor. Ikakhala kuti autovacuum ikuyenda koma nambala sikutsika, fufuzani mu pg_stat_activity. Transaction (gulu la malamulo ochitika ngati ntchito imodzi) imodzi yoiwalika, yolembedwa kuti idle in transaction kuyambira dzulo, imatha kuletsa VACUUM kuchotsa mizere imene yafa chiyambireni transaction imeneyo.

VACUUM FULL ndiye imabwezadi malo, koma chonde samalani nayo. Imalemba tebulo lonse mwatsopano, choncho imafuna malo ena okwana kope latsopanolo, ndipo imatseka tebulo moti palibe angawerenge kapena kulemba mpaka itatha. Disiki ikakhala kuti yafika kale m'khosi, ntchitoyo imafera panjira. Ngati tebulolo lidzakulanso m'miyezi ikubwerayi, ife tikuti lisiyeni. Malo omasukawo lidzawagwiritsa ntchito lokha.

FUNSO: Matebulo athu onse pamodzi ndi ochepa, koma foda ya pg_wal ikungokulirakulira. Tifufute mafailo akalewo?

YANKHO: Ayi ndithu, musawakhudze ndi dzanja. Mafailo amenewa, a 16 MB lililonse, ndi amene database imadalira kuti idzukenso bwino magetsi akazima mwadzidzidzi. Mukachotsa limene likufunikabe, seva ikhoza kukana kuyaka.

PostgreSQL imawachotsa yokha, ndipo ikasiya kutero pali chimene chaigwira. Nthawi zambiri ndi ziwiri. Choyamba ndi replication slot (chosungitsa mafailowa mpaka seva yokopera itawalandira) ya seva ina imene inazimitsidwa kalekale: onani mu pg_replication_slots, ndipo mukapeza yolembedwa active = false imene mwatsimikiza kuti palibe akuifuna, ichotseni ndi pg_drop_replication_slot. Chachiwiri ndi archive_command (yokopera mafailowa kumalo ena osungira) imene ikulephera, mwina chifukwa kumene imatumiza mafailo kwadzadza. Nambala ya failed_count mu pg_stat_archiver idzakuuzani. Mukakonza chimenecho, fodayo imayamba kuphwa checkpoint yotsatira (nthawi imene database imalemba pa disiki zonse zimene zasintha) ikachitika.